MLANDU SUOLA

Masiku apitawa, pa msonkhano wathu wa alembi, mnzathu wina anatiwerengera nkhani yake yaifupi ya mayi wamasiye amene analandidwa nyumba ndi abale a mwamuna wake, nakasuma kukhoti, napambana mlandu pa tsamba lotsiriza. Tonse tinaomba m'manja. Pokambirana, wina anati nkhaniyo njabwino chifukwa iphunzitsa akazi kupirira. Wina anatsutsa, nati nkhaniyo njabodza popeza kwathu kuno milandu yotere sikutha choncho. Ine sindinayankhule, ngakhale amene amandidziwa angachitire umboni kuti pakamwa panga sipachedwa kutseguka. Chimene chinanditsamwitsa ndi liu limenelo la kupirira. Liri ndi mangawa kwa ine, kapena ndinene kuti ine ndiri ndi mangawa kwa ilo, ndipo ndafuna kuti ndiwabweze pano.

Funso langa ndi ili: kodi kupirira ndi khalidwe labwino? Tonse tinakula tikumva kuti inde. Anamkungwi polangiza namwali wokalowa m'banja amati banja ndi kupirira. Abusa pamaliro amauza ofedwa kuti apirire. Koma m'kupita kwa zaka ndaona zinthu ziwiri. Choyamba nchakuti liuli limanenedwa kwa akazi kawirikawiri koposa kwa amuna: mwamuna akalandidwa munda timamuuza kuti alimbe mtima akasume, mkazi akalandidwa timamuuza kuti apirire. Chachiwiri nchakuti wonena liuli nthawi zambiri ndi amene sakumva kuwawa, ndipo wouzidwa ndi amene chirikumpweteka. Mankhwala amene sing'anga amapatsa odwala ena okha, mwini wake osawalawa, ndi oyenera kuwanunkhiza tisanamwe.

Ndiyambe ndi za kwathu. Azakhali anga, mlongo wao wa bambo anga, anali telala pakhonde la sitolo ina m'tauni. Anali ndi makina osokera opalasa ndi mapazi, amene anagula okha ndi ndalama za mandasi asanakwatiwe nkomwe. Amuna ao anamwalira m'chaka cha 2004. Maliro atangotha, abale a malemuwo anabwera ndi lole. Anakweza bedi, mipando, wailesi, malata amene analikudikira nyumba yatsopano, ndipo pomaliza anakweza makina aja. Anati zonse za m'nyumba ya mwamuna nza mwamuna. Azakhali anati za bedi ndi mipando adziwa ndi Mulungu, koma makina ai, makinawo ngao, ndipo lisiti lake analisunga m'Baibulo.

Anayamba ndi ankhoswe, ankhoswe anati nkhani ya pamaliro njovuta. Anapita kwa amfumu, amfumu anaitana osumiridwa, osumiridwawo sanabwere. Anapita ku ofesi ya boma, kumeneko anawalozera kukhoti. Kukhoti mlandu unakhala ukusunthidwa: lero woweruza wadwala, mawa fayilo sikuoneka, mkucha mboni yamwalira. M'chaka chachinai cha kuyendaku anabwera kwa ine, amene panthawiyo ndinali pasukulu yaukachenjede, kuti ndiwalembere kalata ya Chingerezi. Ine ndinatenga pepala ndi kuwerengera ndalama zimene anali atataya pa basi, ndipo ndinapeza kuti zikanagula makina ena. Ndinati, "Azakhali, bwanji osangozisiya izi? Mungopirira, Mulungu ndiye adzaweruza." Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Mwanawe, kupirira nkumene ndirikuchita ine. Chimene ukundiuza iwecho dzina lake ndi lina. Tsono kalatayo ulemba, kapena ndikapemphe mwana wa eni ake?" Ndinalemba, koma mtima uli kwina.

Mau amenewa ndinawamvetsa mochedwa. Azakhali analikundiuza kuti m'liu limodzi muli zinthu ziwiri zosiyana ngati mbuzi ndi fisi. Pali kupirira kwa munthu amene wagwa m'tsoka lopanda mwini: chilala, matenda, imfa ya mwana. Palibe wokamsumira, palibe wokamfunsa. Chotsala nkusenza katunduyo osadzipha, osatukwana dziko. Kupirira kotereku nkwabwino ndithu, ndipo sindirikukunyoza. Koma pamene tsokalo liri ndi mwini wake, munthu wa dzina ndi nkhope amene wachita choipacho, kukhala chete komweko kumasanduka mphatso kwa wolakwayo. Ndipo pali kupirira kwina: kulola njala, manyazi, mtunda ndi kusekedwa, pokana kuvomera kuti choipa chimene chachitika nchabwino. Kupirira koyamba kumatseka mlandu, kwachiwiri kumausunga wotsegula. Pofuna kudziwa kuti ndi kuti kumene tirikulangiza mnzathu, funso ndi limodzi: kodi akapirira, apindule ndani?

Kusiyanitsaku ndinakuona bwino m'mabuku atatu onena za milandu, ndipo ndifuna kuwatchula, poti ife ndi anthu a mabuku. Mabuku a milandu amakoma chifukwa wowerenga amakhala ngati wakhala nao pabwalo, mtima uli m'mwamba, kudikira chigamulo. Koma ine tsopano powawerenga sindiyang'ana kwambiri chigamulo. Ndimayang'ana kumene mlembi waika akazi, ndi mtundu wa kupirira kumene wawapatsa.

Loyamba ndi To Kill a Mockingbird, limene Harper Lee anatulutsa m'chaka cha 1960. Nkhani yake ichitika m'tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Alabama ku America, m'zaka za m'ma 1930. Munthu wakuda, Tom Robinson, anamiziridwa kuti wagwirira mtsikana wachizungu, Mayella Ewell. Loya wachizungu, Atticus Finch, amuimira mwakhama, naonetsa poyera kuti amene anamenya mtsikanayo anali wamanzere, pamene dzanja lamanzere la Tom linali lopuwala. Wamanzere pamenepo anali bambo wake wa mtsikanayo. Komabe amuna 12 ogamula mlandu, onse azungu, apeza Tom wolakwa, ndipo pambuyo pake aomberedwa poyesa kuthawa m'ndende. Aliyense wowerenga bukuli amakumbukira Atticus. Ine ndiri mnyamata ndinafuna kukhala Atticus. Koma m'bukumo muli akazi awiri amene sindinawaone. Wina ndi Helen, mkazi wa Tom, amene sapatsidwa mau pabwalo. Ntchito yake nkudyetsa ana ndi kuzungulira mtunda wautali popita kuntchito kuti apewe kudutsa pakhomo pa amene anamnamizira mwamuna wake. Wina ndi Mayella mwini wake, mwana wozunzidwa m'nyumba ya bambo wake, amene wapirira kwa zaka osaulula. Pamene mpata wa kunena zoona unafika, iye anapiriranso monga anazolowera, ndipo kukhala chete kwakeko kunaphetsa munthu wosalakwa. Apa ndi pamene tiona kuti kupirira kwa mtundu woyamba sikupweteka wopirira yekha. Kumagweranso wodutsa m'njira. Tikumbukirenso kuti pakati pa ogamula 12 aja panalibe mkazi, popeza ku Alabama akazi sanaloledwe kukhala pa mipando imeneyo mpaka chaka cha 1966. Mlembi sananame: dziko limene analilemba linali lotero, mwamuna ayankhula m'kati, mkazi apirira kunja. Cholakwa chinali changa, kuti ndinaphunzira kuyembekeza chilungamo kwa mwamuna wovala suti, kotero kuti pamene chinandifikira chitavala chitenje, chitanyamula lisiti, sindinachizindikire.

Buku lachiwiri ndi la Unity Dow wa ku Botswana, ndipo tisanafike pa bukulo tiyenera kudziwa mlembi wake. Mayiyu ndi loya wa ku Mochudi amene anakwatiwa ndi mwamuna wa ku America m'chaka cha 1984. Lamulo la unzika la dziko lake panthawiyo linati mwana wobadwa m'banja atenge unzika wa bambo wake yekha. Zotsatira zake zinali zodabwitsa: mwana amene anabereka asanakwatiwe anali nzika ya Botswana, koma ana awiri amene anabadwa m'banja anali alendo m'dziko la mayi wao. Kwa ife amene tinakulira kumene mwana amawerengedwa kuchikazi, mwini mbumba nkukhala amalume, izi zimamveka zachilendo. Koma boma la Botswana linati mwambo wa kumeneko ngwa kuchimuna, ndipo lamulo lingotsata mwambo. Mu 1990 iye anasumira boma lake lomwe. Anapambana ku Khoti Lalikulu mu 1991. Boma linachita apilo, ndipo mu 1992 khoti la apilo linagamulanso momkomera, oweruza atatu kutsutsana ndi awiri. Ngakhale zinali choncho, lamulolo silinasinthidwe mpaka 1995. Chakumapeto kwa zaka zomwezo iye anakhala mkazi woyamba kukhala woweruza wa Khoti Lalikulu la Botswana.

Munthu wotere, amene anapambana pabwalo lenileni, tikanayembekeza kuti polemba nthano alemba ya kupambana. Koma The Screaming of the Innocent, limene linatuluka mu 2002, sili choncho. Mtsikana wa zaka 12, Neo Kakang, asowa m'mudzi wakutali. Apolisi auza mayi wake kuti mwanayo anadyedwa ndi mikango, natseka nkhani. Wowerenga adziwa kuyambira pachiyambi kuti si mikango ai, koma amuna olemekezeka a m'deralo amene anafuna ziwalo za mwanayo kuti akhwimire chuma ndi maudindo. Patapita zaka zisanu, mtsikana wina, Amantle Bokaa, wotumizidwa kukagwira ntchito pachipatala chaching'ono cha m'mudzimo, auzidwa kuti asese m'chipinda chosungiramo katundu, napeza bokosi la zovala za magazi lolembedwa dzina la mwanayo. Akanatha kulibwezera pamalo pake. Iye alitengera kwa eni ake, ndipo pamodzi ndi mnzake wamkazi amene ndi loya akakamiza boma kuyankha. Pomaliza zoona ziululika, zidziwikanso kuti wina mwa okhudzidwa ndi munthu wamkulu m'boma, koma buku litha popanda munthu kuimirira pabwalo, popanda wina kumangidwa. Izi sizinachokere m'mutu chabe. Mu Novembala 1994 ku Mochudi kunaphedwa mtsikana wasukulu wa zaka 14, Segametsi Mogomotsi. Ana asukulu anachita zipolowe kumayambiriro kwa 1995, boma linaitana apolisi a Scotland Yard kudzafufuza, koma palibe amene khoti linampeza wolakwa.

Mnzathu uja amene anati nkhani ya kupambana njabodza akondwera ndi bukuli. Koma asafulumire. Kodi popeza palibe womangidwa, khama la Amantle linapita pachabe? Ine ndikuti ai. Iye asanatsegule bokosi, choona cha boma chinali chakuti mikango ndiyo inapha, ndipo mayi amene anakana kukhulupirira zimenezo ankaoneka ngati wosokonezeka ndi chisoni. Atalitsegula, mudzi wonse unadziwa kuti anapha ndi anthu. Chilungamo chiri ndi mbali ziwiri: kunena chimene chinachitika ndi dzina lake lenileni, ndi kulanga wochichita. Mbali yachiwiri iri m'manja mwa amphamvu, ndipo akhoza kuikana. Yoyamba iri m'manja mwa aliyense amene akana kubweza bokosi pamalo pake. Ndipo popanda yoyamba, yachiwiri singadzachitike ngakhale patapita zaka zingati.

Buku lachitatu ndi la kwathu konkuno, ndipo si nthano. Ndi Fearless Fighter, mbiri ya moyo wa Vera Chirwa yolemba mwini wake, imene inatuluka mu 2007. Mayi Chirwa anatsiriza maphunziro a zamalamulo ku London mu 1966, nakhala loya woyamba wamkazi wa dziko la Malawi. Iwo ndi amuna ao, a Orton Chirwa, amene anali nduna ya zachilungamo, anali atathawa m'dziko pambuyo pa mkangano wa nduna wa 1964. Pa 24 Disembala 1981 anagwidwa. Boma linati anawapeza atalowa m'dziko muno, iwo anati anachita kubedwa ku Zambia. Anaimbidwa mlandu woukira boma, ndipo mlanduwo sunapite ku Khoti Lalikulu koma ku bwalo la mafumu la chigawo cha kumwera, ku Soche. M'mabwalo amenewo woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Mu Meyi 1983 onse awiri anagamulidwa kuti aphedwe. Apilo yao inakanidwa mu 1984, ndipo chaka chomwecho chilango chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Anatsekeredwa m'ndende imodzi ya Zomba koma osaonana kwa zaka zisanu ndi zitatu. Anawalola kukumana mu Seputembala 1992. Mwezi wotsatira a Orton anamwalira m'ndendemo, ndipo mkazi wao sanaloledwe kupita kumaliro. Anatulutsidwa pa 24 Januwale 1993.

Apa funso langa lifika pouma penipeni. Anthu awiriwa anali odziwa malamulo. Anadziwa bwino kuti bwalo lotere siliweruza mosemphana ndi chifuniro cha amene analikhazikitsa. Nanga anadzivutiranji kudziimira okha, kufunsa mboni za boma mafunso, kutsutsa kuti bwalolo liribe mphamvu pa iwo, kuchita apilo? Munthu wowerengera ndalama za basi ngati ine akanati nkutaya mpweya. Koma amene akhala chete pabwalo lachinyengo alithandiza kuoneka ngati bwalo loona. Amene afunsa mafunso, ngakhale agonje, asiya m'mabuku a bwalolo umboni wakuti mafunsowo anafunsidwa ndipo sanayankhidwe. Pambuyo pake bungwe la African Commission on Human and Peoples' Rights linaunika nkhaniyi nkupeza kuti mlandu wao sunazengedwe mwachilungamo. M'chaka cha 2000 bungwe lomwelo linapatsa Mayi Chirwa udindo woyendera ndende za mu Africa ndi kunena za mmene akaidi akusungidwira. Amene anatsekeredwa anakhala wotsegulitsa zitseko kuti aone za m'kati.

Akuluakulu anati mlandu suola. Kale ndinkamva mwambiwu ngati lonjezo, ngati kuti mlandu uli ndi moyo wakewake ndipo tsiku lake lidzafika lokha. Tsopano ndikuona kuti pawokha mwambiwu si woona. Mlandu umaola ndithu: fayilo imadyedwa ndi chiswe, mboni zimamwalira, ana a wolakwiridwa amakula osadziwa kuti panali nkhani. Mlandu uli ngati chimanga cha m'nkhokwe, chimene chimafika chaka chamawa pokhapokha wina akamafolera denga ndi kupirikitsa anankafumbwe. Suola chifukwa pali munthu amene akukana kuti uole, ndipo m'mabuku awiri otsirizawa, monganso m'nyumba zambiri zimene ndikuzidziwa, munthu ameneyo ndi mkazi.

Tsono ndidzitsutse ndekha, poti anzanga sadzalephera kunditsutsa Lachinai likudzali. Wina adzati: akazi awiri watchulawo anali maloya, odziwa Chingerezi, odziwika kunja, nanga mayi wa kumudzi amene sadziwa ngakhale khomo lolowera kukhoti? Ndivomera kuti sukulu ndi chida chachikulu, ndipo amene alibe amamenya nkhondo ndi manja. Koma chimene chinachititsa akazi awiriwo kuima si satifiketi, popeza maloya ambiri a nthawi yao anakhala chete ali ndi masatifiketi omwewo. Ndi chinthu chomwe chija chinali mwa azakhali anga: kukana kunena kuti changa si changa. Malamulo a dziko lino a 1994, m'ndime 24, anena poyera kuti mkazi asalandidwe katundu, ngakhale katundu wamasiye. Mu 2011 nyumba ya malamulo inapanga lamulo latsopano la chuma chamasiye limene linati kulanda katundu wa wamasiye ndi mlandu wolangidwa nao. Malamulo otere sagwa ngati mvula. Amabwera pamene madandaulo achuluka mpaka opanga malamulo sangathenso kunena kuti sanamve, ndipo madandaulo sachuluka pamene aliyense wauzidwa kuti angopirira. Mayi aliyense amene anakhala pabenchi la khoti tsiku lonse nabwerera wopanda yankho anaikapo njerwa yake, ngakhale dzina lake silidzalembedwa.

Wina adzati: kodi sukuika katundu wina pamutu pa munthu wolemedwa kale? Nanga wamasiye wa ana asanu amene asankha kugula ufa m'malo molipira basi yopita kukhoti, ukumutcha wamantha? Ai, ndipo apa ndifuna kumveka bwino. Helen Robinson sanalakwe pozungulira njira. Anali ndi ana oti adye. Munthu amene watopa ali ndi ufulu wa kutula, ndipo palibe wa ife amene angamuweruze. Amene ndikumuimba mlandu si wotula, koma wolangiza: uja amene amatenga kugonja nakuveka dzina la khalidwe labwino, chifukwa kugonjako kumampepukitsira iyeyo. Ndikadzifunsa moona chifukwa chimene ndinauzira azakhali kuti azisiye, ndipeza kuti si ndalama za basi. Ndinali nditatopa ndi makalata, ndipo ndinkachita manyazi pomva achibale akuti mayiyu ngwamakani, akulimbana ndi anthu chifukwa cha chitsulo. Ndinafuna mtendere wanga, ndipo ndinautcha kupirira kwao. Ndinatchula Mulungu kuti nkhani ithe msanga.

Kutsutsa kwachitatu ndiko kumandiopsa koposa, chifukwa kukhudza ife alembi ndi owerenga. Kuyamika mkazi wolimbika kungathe kukhala msampha wina. Tikamati taonani mayi wolimba mtima, anayenda zaka zisanu ndi chimodzi osatopa, timaiwala kufunsa kuti nchifukwa ninji nkhani ya makina osokera, ya lisiti lake m'manja, inafuna zaka zisanu ndi chimodzi. Timasandutsa manyazi a dziko kukhala ulemu wa munthu mmodzi, ndipo dziko lituluka losambitsidwa. Buku la milandu liri ndi ngozi yomweyi. Timaliwerenga usiku wonse, mtima ukugunda, tikwiya ndi woipa, tilira ndi wozunzidwa, ndipo potseka timadzimva ngati anthu achilungamo, chikhalirecho sitinachoke pampando. Ine ndinali nditawerenga za Atticus kawiri pa tsiku limene ndinauza azakhali kuti azisiye. Kumva chisoni powerenga si ntchito ya chilungamo. Nkunola khasu chabe, ndipo pali anthu amene amanola moyo wao wonse osapita kumunda. Kupatsa akazi mphamvu, kumene timakukamba kwambiri pamisonkhano, sikutanthauza kuwaphunzitsa kupirira koposa kale. Iwo amadziwa kale kupirira kutiposa. Kutanthauza kufupikitsa mtunda umene ayenera kuupirira: khoti lapafupi, kalaliki wosataya fayilo, mlandu wozengedwa m'chiyankhulo chimene mwini wake akumva, ndi mwana wa mlongo wolemba kalata ndi mtima wonse.

Kwa mnzathu mwini nkhani ija, tsono, yankho langa ndi ili. Sindikuti wamasiye wako agonje kuti nkhani ioneke yanzeru. Unity Dow anapambana, ndipo kupambana kumachitika. Koma utionetse mtengo wake. Utionetse basi ya mbandakucha, mwana wosiyidwa kwa anansi, dzina loti wamakani. Utionetsenso amene akanatha kuthandiza nakhala chete, ndipo umlembe mofanana ndi ife owerenga, kuti potseka tsamba lotsiriza tisathamangire kuomba m'manja. Kwa mnzathu amene anati nkhaniyo iphunzitsa akazi kupirira, ndimfunsa kuti: kupirira kuti, ndipo apindule ndani?

Azakhali anapambana mu 2010, chaka chimodzi lamulo latsopano lija lisanabwere. Makina anabwera pa njinga yakabaza, atachita dzimbiri, lamba palibe, gudumu losatembenuka. Amisiri awiri anayesa kuwakonza nalephera. Sanasokenso ngakhale chigamba chimodzi, ndipo azakhali anabwerera ku mandasi. Mwa kawerengedwe kanga ka tsiku lija, anataya. Koma makinawo anawaika pabalaza, nawafunda nsalu yoyera, ndipo m'zaka zotsatira akazi a m'deralo akafedwa amuna ankabwera kudzakhala pafupi ndi makinawo nkufunsa: kodi munayambira khomo liti, munanyamula pepala lanji, akakuuzani kuti bwerani mawa mumayankha chiani? Azakhali ankawauza zonse, nawonjeza kuti asunge malisiti.

Nditapita kukawaona komaliza anali atafooka maso. Anandifunsa ngati ndikulembabe nkhani zanga zija. Ndinati inde, azakhali. Anati, "Ukadzalemba za ine usadzati ndinali wolimba mtima, masiku ambiri ndinkalira m'basi. Udzangolemba kuti makinawo anali anga."

Makinawo anali ao. Lisiti liripo mpaka lero.